Mayi wa Chipewa Chofiira

Ndinamunamiza mwana wanga, ndipo mpaka lero sindinamuuze.

Malemu amuna anga ankakonda mafilimu akale omwe alendo ankasiya kuloji ya ku Chintheche komwe amuna angawo ankaphika. Ankandifotokozera za azimayi asanu omwe anapikisana pa mphoto ya zisudzo, uyu woyamba, uyu wachiwiri. Ine ndinkangoti "eya" ndikusenda chinangwa.

Titaika maliro awo, mwana wanga Tawonga anayala madisiki a mafilimuwo pamphasa.

"Amama, adada ankati woposa onse ndi uti?"

Sindinkadziwa. Ndinaloza mayi wa chipewa chofiira pachikuto cha disiki ina chifukwa anali pafupi ndi bondo langa.

Tawonga anaonera filimuyo katatu akulira, ine ndili pambali pake maso ouma. Pano chithunzi cha mayiyo anachipachika pakhoma, pafupi ndi cha bambo ake. Loweruka lililonse ndimachipukuta fumbi.