Kadontho ka pa Chulu

Dzulo mwana wanga anatulutsa pepala lakale m'sutikesi ya malemu abambo, likununkha mankhwala a njenjete. Ndi mapu a munda wathu wa ku Sinda, umene anzathu oyandikana nawo ayamba kudyerera mizere yake.

Fungo limenelo linandikumbutsa tsiku limene oyeza malo anafika ndi makina a miyendo itatu. Ine ndinkayesa ndi ojambula zithunzi. Ndinathamangira kunyumba, n'kudzola mafuta mpaka chipumi kung'anima, n'kuvala diresi langa la kutchalitchi, lomwe linkanunkha mankhwala omwewo.

"Iwe mtsikana, kwera pachulu apo, ugwire ndodo iyi. Usasunthe!" anatero mmodzi wa iwo, diso lili pamakina.

Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa. Nyerere zinkandiluma m'miyendo, koma ndinangoti nji.

Pepala litabwera, munali mizere yokhayokha. Ndinalira. "Atate, nanga ine ndili pati?"

Abambo anaseka, n'kuloza kadontho pakona ya munda. "Si iwe uyu?"

Mawa tikupita nalo kokambirana za malire. Chulu chija chinagumuka kalekale, koma kadontho kaja kakadali pomwepo, ndipo mwini wakenso sanasunthe.