Yankho la Esinati

Pali chinthu chimene sindinauzepo ngakhale bambo a mwana wanga: satifiketi ya uphunzitsi imene ili pakhoma pathu inayambira pa yankho lakuba.

Inali nyengo yozizira ku Makokoba, utsi wa malasha utagona pamadenga a malata, miyendo yathu ili mbuu ndi mphepo ya Bulawayo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kwathu tinkakhala ndi msuweni wanga Esinati, amene bambo ake anafera kumgodi. Tinkagona mphasa imodzi, kutolera limodzi malasha m'mbali mwa njanji, kusewera phada limodzi, koma iye chilichonse chinkamukhala. Akaimba, azimayi ankasiya kuchapa. Akayankhula Chindebele, anthu ankamuyesa mwana wa komweko. Ine ndinkangoonerera, mtima ukunyeka.

Loweruka lililonse ana a anthu a ku Nyasalande tinkapita ku kalasi kwa a Mwale, mkulu wa mpingo amene ankasoka zovala pakhonde pake. Tsiku lina anaitananso ana a Chindebele ndi a Chisilamu a mumzere wa nyumba zathu, natigawira mbatata zowotcha mokondera dala: wina zitatu, wina kachidutswa. Phokoso lake! Aliyense ankadandaula m'chinenero chake.

“Mwakwiyiranji, mbatata ndi zanga?” anatero a Mwale. “Makolo anu sapemphera pamodzi, koma nonse mwati ndalakwa. Lamulo limeneli analiika ndani? Sabata yamawa kukubwera abusa, mudzawayankhe.”

Tonse tinkadziwa kuti abusawo akufuna mtsikana mmodzi yekha woti amutumize kusukulu ya mishoni.

Ndinaganiza sabata yonse, osapeza kanthu. Lachisanu tikuchapa pampopi, Esinati anangoti, uku akufinya nsalu: “Iwe, a Mwale amadziwa bwanji kuti mwendo wina wa buluku watalika? Si tepi yoyezera? Nafenso tili nayo m'chifuwamu. Tikadaipanga tokha, bwenzi aliyense atapanga yomukomera, koma iyi imatsutsa ndi mwini wake yemwe. Ndiye alipo amene anatipatsa.”

Mawa lake ndinakweza dzanja abusa asanamalize n'komwe funso. Ndinanena zonse, mpaka za buluku. Abusa anagwedeza mutu, a Mwale anaseka mpaka kutsokomola. Esinati anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana zala za kumapazi kwake. Ine ndinapita ku mishoni. Iye anakayamba kulera ana a azungu.

Ku koleji ndinapeza mfundo yomweyo m'mabuku aakulu, yakuti chikumbumtima chimaloza kwa Mulungu woika lamulo, ndipo ndinachitanso nsanje kuti mwana wochapa pampopi anaipeza yekha. Koma si mabuku amene anandikhulupiritsa. Sindinaphwanye lamulo la boma, makolo anga ankandinyadira, palibe anandifunsapo kanthu. Nanga amene wakhala akundizenga mlandu zaka zonsezi ndani?

Mwezi watha mwana wanga atatentha thupi masiku atatu, mantha anandiuza kuti ndi chilango. Atachira, ndinamubereka n'kupita kunyumba kumene Esinati amagwira ntchito, ndipo ndinaulula zonse kuseri kwa khitchini. Iye anaseka.

“Aa, msuweni, zakalekale zija ukadasenzabe? Ine ndinaiwala. Bweretsa mwanayo ndimuone.”

Ndisaname, ngakhale mtendere wakewo ndinauchitira nsanje. Koma nditafika pageti n'kucheuka, ndinamuona ataima pomwe ndinamusiya, epuloni ili kumaso, mapewa akugwedezeka, ana a eni nyumba akumukoka diresi.

Ine ndinabwerera ndapepukidwa, ndipo n'chimene chikundiopsa. Sukulu sindingamubwezere. Inu amene mukuwerenga, tandiuzani: ndinachita bwino kukamuuza, kapena ndinangotula katundu wanga pamutu pake kachiwiri?