Mphini za Pamkono, Chipsera cha Pakhosi

Inu amene mwagwa mayeso n'kumaganiza kuti zanu zada, imvani za Teresa wa kwa Tengani.

Mu 1974 dzina lake linasowanso pa mndandanda wa opita ku sekondale, kachitatu. Analira mpaka maso kutupa. Azakhali ake anali atamupezera kale mwamuna wa njinga ndi ng'ombe zinayi.

Bambo ake, a Hilario, mlimi wa thonje wosadziwa ngakhale kulemba dzina, anakana.

"Mutu uwu ndaubala ndine. Ukabwerezenso."

Anabwereza, atakhala pakati pa tiana tomutcha "mayi". Ulendo wachinayi anasankhidwa. Anaphunzira kujambula ekisileyi, ndipo patapita zaka anapeza ntchito pachipatala china ku Harare, yoyendetsa makina ojambula ubongo.

Mu 1989 kunabwera kalata: mkono wamanja wa a Hilario unkafa kwa kanthawi, lilime n'kulemera, kenako n'kubwerera. Teresa atafika kumudzi anapeza mkonowo atautema mphini kuyambira paphewa mpaka padzanja. Abale anachita khama ndithu, kungoti ankazima moto pamene panali utsi pokha.

Teresa anawatengera bambo akewo ku Harare. Dokotala anapeza kuti mtsempha wa pakhosi wopititsa magazi ku ubongo watsala pang'ono kutsekeka.

"Opaleshoni ingawathandize ngati ubongo sunawonongeke kwambiri," anatero. "Ngati wawonongeka, sindiwang'amba pachabe. Chithunzi ndicho chitiuze."

Wojambula tsiku limenelo anali Teresa. Anachita mantha, koma anawagoneka bambo ake pamakinapo bwinobwino.

"Ababa, musagwedezeke."

"Ine wodwala mkono, ukujambula mutu?" anadandaula mkuluyo.

Chithunzi chinatuluka. Malo owonongeka anali kadontho ngati njere ya thonje, kwina konse kuli moyo. Dokotala anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Opaleshoni mawa m'mawa."

Chaka chotsatira a Hilario anathyola thonje ndi manja onse awiri. Pamsika ankapinda malaya kuonetsa anthu mphini makumi atatu, kenako n'kuloza chipsera chimodzi cha pakhosi.

"Izi anatema abale. Apa analoza ndi mwana wanga, uja munkati akwatiwe. Takhuta!" ankathokoza motero m'chinenero chakwawo.

Teresa akanamvera azakhali, bamboyo akanatha ndi mphini zake. Inunso mayeso akakugwetsani katatu, musataye mtima. Dzukani mukalembenso, pali wina amene moyo wake ukudikira ulendo wanu wachinayi.