Nthiti Zoyera za Chikhosi

Dzina loti a Phulusa sanabadwe nalo. Linawamamatira kuntchito, chifukwa madzulo aliwonse ankatuluka m'chipinda chapansi cha myuziyamu atayera mbuu, tsitsi, nsidze mpaka m'makutu. Fumbilo linali la pulasitala.

Ntchito yawo inali yolumikiza mafupa a nyama zimene zinafa kalekale, mafupa oti anachita kusanduka mwala. Yaikulu pa zonse inali nyama yokwawa ya m'nyanja, ya nthawi ya madayinoso, ya khosi lalitali zedi, kamutu kakang'ono ndi miyendo inayi yonga nkhafi. Ophunzira ali ndi dzina lake lopinda lilime, koma antchito ankangoti Chikhosi. Tsono musaganize kuti nyama yotere imafukulidwa yathunthu. Chikhosi anabwera m'mabokosi ali zidutswazidutswa, nthiti zina kulibe, mfundo zina za khosi zitasowa. Zosowazo a Phulusa ankaumba okha. Ankatenga nthiti yakumanja, kuiyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, n'kuumba inzake yakumanzere. Ikauma ankaipala ndi kampeni, kuibayabaya ndi singano kuti ikhale ndi timaenje ta fupa, kenako penti, n'kuwaza fumbi la mwala weniweni pamwamba.

Amene anawaphunzitsa ntchitoyi anali mkulu wina waukali, wa lamulo limodzi lokha: mlendo asaone pamene fupa lathera. A Phulusa analigwira lamuloli ndi manja awiri. Kunyada kwawo konse kunali koti palibe angaloze chala n'kunena kuti apa ndi pa munthu.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, kunabwera mayi wina wofufuza, amene ankafuna kudziwa mmene chifuwa cha nyamazi chinkakulira. Anakhalira kuyeza nthiti za Chikhosi kwa masiku ambiri, ali pamakwerero. Tsiku lina anawaitana.

"Bambo, nthiti izi zakumanzere zikufanana ndendende ndi zakumanja," anatero mayiyo. "Ngakhale kabala kali apa kali ukonso."

"Zikomo kwambiri, mayi," anayankha a Phulusa, nkhope ili ngwee. Iwo ankati akuwayamikira.

"Ayi, bambo, simunandimve. Nyama sikhala choncho. Ndiye kuti masiku onsewa ndakhala ndikuyeza manja anu, osati nyama."

Mayiyo sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangofotokoza mofatsa kuti amene akuphunzira mafupa ayenera kudziwa chimene chinachoka m'nthaka ndi chimene chinachoka m'mutu mwa munthu. Choncho chilichonse choumba chipakidwe penti yoyera. Ndipo wopaka akhale iwowo, popeza wina sangazidziwe.

Zinawapweteka, tisabise. A Phulusa sanali munthu wokangana, koma mumtima ankamva ngati awatcha wabodza, n'kuwapatsanso burashi kuti alembe okha bodzalo poyera. Moyo wonse akubisa, lero achoke pantchito atasiya Chikhosi ali mawangamawanga, aliyense wolowa pakhomo aziona pamene anapusitsidwa?

Anayamba ndithu, koma choseketsa n'choti nawonso malo ena ankasokonezeka. Maso anali atafooka, ndipo ntchitoyo anaigwira bwino mopitirira. Ndiye ankagunditsa mlomo pa fupa lililonse, chifukwa mwala umazizira pamlomo pomwe pulasitala sazizira. Mayi wosesa atawapeza ali choncho anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"A Phulusa, ukalamba wake ndi umenewu? Mwayamba kupsompsona mafupa?"

Iwo sanaseke nawo. Nthiti imodzi inayera, kenako ina, kenako mfundo za khosi motsatizana, zala za mwendo wakumbuyo, nsonga ya mchira. Akatsika pamakwerero n'kuyang'ana, mtima unkawawa. Sankadziwa n'komwe kuti zoumba zinali zochuluka chotero.

Tsiku lomaliza kupaka anaiwala magalasi awo kunyumba, ndipo akazi awo anawabweretsera chakumasana. Mayiwa anali atalowamo kangapo m'holo yoonetseramo mafupa m'mbuyomu. Ankaona mafupa, n'kuti "ooh", n'kufunsa kuti atuluka nthawi yanji. A Phulusa atawaona pakhomo anafuna kuima kutsogolo kwa Chikhosi kuti amubise, koma nyama yotalika choncho munthu mmodzi angaibise bwanji?

Mayiwo anaima, magalasi ali m'manja, n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumchira mpaka kumutu.

"Zoyerazi ndiye chiyani, abambo?"

"Zimenezo si zenizeni," anayankha a Phulusa motsitsa mawu. "Ndinaumba ine."

"Zonsezi? Ndi izinso za pakhosi?"

"Zonse."

Mayiwo anayandikira nthiti imodzi yoyera, n'kuyang'ana inzake yabulauni kumbali inayo, n'kubwereranso kwa yoyera ija. A Phulusa anaweramitsa mutu kudikira chiweruzo.

"Inu," anatero mayiwo potsiriza, "ndakhala nanu kuyambira utsikana wanga, ndipo ndinkangoti ntchito yanu n'kupukuta fumbi. Munandibisiranji kuti mumatha zimenezi?"