Keke ya Makatoni ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawononga ukwati wa mlongo wanga. Sizinali zangozi ayi. Ndinachita dala.

Tinkakhala ku Kabwata, ndipo chaka chimenecho atate anali atachotsedwa ntchito. Asisi Tisa, amene anandilera amayi atamwalira, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Woodlands, kwa anthu a galimoto ziwiri pakhomo. Atate anakana kupempha kanthu kuchimuna. Anati tidzachita ndi zomwe tili nazo. Diresi asisi anabwereka kwa mnzawo wa m'kwaya, holo inali ya kutchalitchi, zophika anatenga azimayi a mumpingo. Inatsala keke.

Keke ya masitepe atatu sitikanaikwanitsa. Tsono atate anakatola makatoni ku City Market, nakhala pakhonde masabata awiri ndi lumo ndi guluu, kudula ndi kumata, mpaka anapanga zozungulira ziwiri zosalala ngati ng'oma. Mayi wina woyandikana nafe anazipaka shuga woyera uja wa pakeke, pamwamba pake n'kusanjikapo kakeke kenikeni. Munthu wosauzidwa sakanadziwa. Ine ntchito yanga inali yobweretsa mpeni: kuvina kuchokera pakhomo la holo mpaka pathebulo, n'kuupereka kwa akwati. Anandiuza kangapo kuti adzadula pamwamba pokha.

Ndinapempha chinthu chimodzi basi, nsapato zatsopano. Atate anati, "Za kusukulu zilipo." Anazimata ndi guluu yemwe uja wa makatoni, n'kuzipukuta mpaka zinawala.

Tsikulo nyimbo itayamba ndinavina ndithu, anthu akululutira. Ndili pakati pa holo, nsapato ya kumanja inamatuka, zala zili panja. Mnyamata wina wa kuchimuna anakuwa kuti, "Iwe, nsapato yako ili na njala, ipatseko keke!" Holo yonse inaseka. Ndinayang'ana atate, ndinaona nawonso akumwetulira. Lero ndikudziwa kuti ankandilimbikitsa, koma tsiku lija mutu unangotentha. Nditafika pathebulo mpeni sindinapereke. Ndinaubaya m'munsi mwa keke ndi mphamvu zanga zonse, n'kukoka.

Inalira ngati bokosi lopanda kanthu. Shuga anagumuka, pakaoneka katoni yolembedwa dzina la sopo. Azakhali a mkwati anafunsa atate mokweza kuti, "Ba Phiri, iyi tizadya olo tizachapila?"

Asisi anangowerama. Atate anadzuka, natola zidutswa zija pansi, chimodzichimodzi, anthu akuwaonerera.

Ndinadikira chikwapu masiku atatu, osabwera. Tsiku lachitatu atate anandipeza ndikutsuka mbale, nandiuza motsitsa mawu kuti, "Ena anapereka mpunga, ena diresi. Changa ine pa ukwati wa mwana wanga chinali chimene chija." Anangonena zomwezo, n'kulowa m'nyumba. Akanandimenya bwenzi nditaiwala kale.

Kuchimuna asisi anawapatsa dzina loti Mai Makatoni, ndipo linawamatirira zaka zambiri. Atate anamwalira patapita zaka ziwiri ndisanapepese. Ndinkangoti mawa.

Ukali ndikadali nawo, akazi anga angakuuzeni. Mwezi wamawa mwana wanga wamkazi akukwatiwa, m'thumba muli mouma ngati kale lija. Pamsonkhano wokonzekera ukwati, wina anati tibwereke keke yongoonetsa, poti masiku ano zimachita kubwereketsedwa. Ndinadzuka ndikukalipa kuti pa ukwati wa mwana wanga sipadzakhala zabodza. Asisi Tisa, imvi mbuu, anandikoka malaya.

"Khala pansi iwe. Keke ija ndinaikonda kuposa diresi. Wandilanda kale kamodzi, usamulandenso mwana."

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti ndinangoulula bodza. Panalibe bodza pamene paja. Munthu wosauka anafunditsa mwana wake ndi kansanza komwe anali nako, ine n'kukamuvundukula pagulu chifukwa cha nsapato.