Netiweki Imene Ndinaigwetsa Ndekha ku Chiwalo

Mpaka lero ndikamadutsa pa Migowi ndimayang'ana kumbali. Ndi pomwe ndinagula kabokosi ka intaneti koyenda nako m'thumba, kaja amati mayifayi, kuti ndizitumizira maina a alimi ku ofesi ndikakhala kumudzi.

Wogulitsa anandifunsa bwinobwino: "Mukagwiritsira ntchito kuti, achimwene? Midzi ina kampani iyi siifika." Ine, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Lilongwe, ndinaona ngati akundiderera. "Ndipatseni koyerako basi. Kwathu kamathamanga koopsa."

Ku Chiwalo alimi anafika m'mamawa kudzalembetsa za feteleza, ena atasiya makasu m'munda. Ndinayatsa kabokosi kaja, kanyali kake kanaonetsa kofiira. Ndinakazimitsa, ndinakayatsanso, ndinakakweza m'mwamba ngati ndikuimitsa minibasi, koma ayi ndithu. Mumtima ndinkakatukwana kachinthuko.

Apa ndi pamene ndinanama. "Pepani anthuni, netiweki yagwa Phalombe yense. Mubwerenso mawa."

Ndisanatseke n'pakamwa pomwe, kafoni kamabatani ka mayi Naliwa, omwe anakhala kutsogolo kwenikweni, kanalira. Anayankha, n'kucheza ndi mwana wawo wa ku Joni osadukiza ngakhale kamodzi, tonse tikumvera. Atamaliza anakamanga pansonga ya chitenje, n'kundiyang'ana.

"Alangizi, yagwayo ndi yanu. Kuno timagwiritsa ntchito ya kampani inayo. Mukanafunsa."

Zoti wogulitsa anandichenjeza kale sindinawauze. Ndinangoti, "Zoona, mayi," n'kubisa kabokosi kaja m'thumba la malaya. Malayawo anali oyera, ndiye kanyali kofiira kaja kankaphethirabe pachifuwa panga, anthu onse akuona.