Dzanja la m'kope la mpikisano

Mng'ono wanga anali mlangizi wa ziweto, ndipo kuntchito anamupatsa njinga yamoto. Ine ndinali mphunzitsi wa masamu ku Khondowe. Loweruka masana iye ndi anzake awiri ankapikisana kukwera msewu wa m'phiri, kuchokera kunyanja mpaka pamwamba. Ankakwera mmodzimmodzi, chifukwa m'makona aja njinga ziwiri sizingapitirirane.

Wotchi ndinali nayo ndine ndekha. Wokwera akafuna kunyamuka kumunsi, ankalozetsa kalilole wa njinga yake kudzuwa. Ine ndili pathanthwe pamwamba, ndikaona kung'anima, ndinkayamba kuwerenga. M'kope ndinajambula mizere ndi rula: tsiku, nambala ya njinga, nthawi ya kalilole, nthawi yofika. Sindinafufutepo ndi kamodzi komwe.

Telala wina wa pamsika ankaima pambali panga, kukuwa m'chitini chobooka ngati muulutsi wa pawailesi.

"Wa ng'ombe uja wadutsa kona yachisanu! Fumbi lokhalokha! Koma uyu wa zaumoyo anakwera ngati akuperekeza apongozi!"

"Chepetsani phokoso, atelala, mukundisokoneza."

"Aphunzitsi, kodi wotchi ili ndi makutu?"

Mng'ono wanga ankafika mano okha akuyera.

"Akulu, bwanji lero?"

"Wachedwa. Sabata yatha unachita bwino."

"Yewo. Wotchi yanuyo yakalamba ngati mwini wake."

Munthu wina, amene mpaka lero sindimudziwa, anakanena kuboma kuti ku Khondowe kuli anthu otumiza zizindikiro kutsidya la nyanja. Zaka zimenezo mawu otere ankakwanira. Loweruka lina amuna awiri ovala majekete anatulukira pathanthwe paja, dzuwa likuswa mtengo. Telala anataya chitini n'kulowa m'tchire. Kope linali pamwala, ndipo wamkulu wa awiriwo analitola.

"Nthawi ya kalilole," anawerenga mokweza. "Walemba ndani zimenezi?"

Ndinali ndi ana anayi, ndipo nyumba imene tinkagonamo inali ya sukulu. Mng'ono wanga anali atangofika, injini isanazizire.

"Ndine, bwana," iye anatero.

Aliyense amene anaonapo malipoti ake a kudibi la ng'ombe akudziwa kuti dzanja lake linali ngati nyerere zotuluka mu inki. Amuna aja sanamupatse ngakhale cholembera kuti ayerekeze. Ndinapempha kuti andilembere kapepala kosonyeza kuti atenga kope, ndipo anandiseka. Wamkulu uja anati anthu ongosewera salemba ndi rula.

Mng'ono wanga anakhala m'ndende zaka zitatu, osaonekera pamaso pa woweruza. Anatuluka maso akuona mwachimbuuzi, ntchito itapita. Njinga sanakwerenso. Anakakhala kwa mlongo wathu ku Mhuju, kuweta nkhuku, ndipo ndi komwe tinamuika atamwalira. Ali moyo ndinkamuyendera tchuthi chilichonse. Ankandipatsa mpando wake, n'kufunsa za ana anga mmodzimmodzi. Za tsiku lija sanatchulepo.

M'zaka zitatuzo ndinalemba makalata ambiri ku maofesi. Mapepala a kaboni onse ndili nawo m'sutikesi, motsatana masiku ake. Ndinafotokoza za makona, za dzuwa, za kalilole, ndinajambula ndi mapu omwe. Yankho silinabwere ngakhale limodzi, ndipo kwa nthawi yaitali mkwiyo wanga unali pamenepo. Tsopano ndikawawerenga ndimaona china. Palibe kalata imene ndinanenamo kuti dzanja la m'kope lija linali langa. Onse ndinawatayipa pa makina a mu ofesi ya sukulu, ndipo posaina ndinkapendeketsa zilembo.